Mutu 4: Dzina la a Fredson

1. Mzinda Wathu

Vera Kalekeni anali mtsikana wa Fomu 3 pa sekondale yoyendera ya pa Santhe, m'boma la Kasungu. Ankakhala ndi amayi ake, a Liness, amene anali namwino pa chipatala chaching'ono cha pamalopo. Bambo ake anamwalira iye ali ku pulaimale.

Foni imene Vera ankagwira inali yakale ya amayi akewo, yong'aluka galasi pakona. Anampatsa kuti azilandirirapo manotsi a kusukulu. Manotsiwo ankabweradi, koma si amene ankamaliza bandulo.

Chomaliza bandulo chinali gulu la masewera lotchedwa Mzinda Wathu. M'gululi munali achinyamata a ku Lilongwe, ku Mzuzu, ku Blantyre, ndi ena okhala ku Joni. Ambiri anali asanaonanepo maso ndi maso. Aliyense ankasankha kukhala munthu wina. Uyu wapolisi, uyu mbava, uyu mwini golosale, uyu woweruza milandu. Akatero ankapeka nkhani ya umbanda n'kumaisewera pamodzi pafoni. Ena ankalemba zonena zawo, ena ankajambula mawu n'kutumiza. Nkhani inkatha mbava zikagwidwa kapena zikathawa.

Mkulu wa gululi anali Davison, mnyamata wa ku Lilongwe amene ankaphunzira za makompyuta. Iyeyu kale ankasewera masewera a kunja, momwe mbava zimathawa pa magalimoto onyezimira, apolisi n'kumazisaka pa ndege. Ankati zinamutopetsa chifukwa munalibe chilichonse cha kwathu kuno. N'chifukwa chake anaika lamulo limodzi lalikulu, lakuti chilichonse cha mu Mzinda Wathu chizioneka chenicheni, ndipo woti wakula kuno azichizindikira akangomva.

Lamulo limeneli ndi limene linakweza Vera. Tsiku lina mnyamata wa ku Blantyre analemba kuti mbava yake yasenza belo la fodya pamutu n'kulumpha nalo mpanda. Vera anaseka mpaka misozi. Anamufotokozera kuti belo lotsindiridwa ndi jeke, losokedwa m'chiguduli, munthu mmodzi sangathamange nalo. Ananenanso kuti wogwira fodya amadziwika ndi fungo, ndipo manja ake amakhala akuda ndi omata. Anakonzanso apolisi a m'masewerawo, amene ankakuwa Chingerezi cha m'mafilimu. Anawauza kuti wapolisi wa pa Santhe amayamba wakufunsa kuti ndiwe mwana wa ndani.

Kuyambira tsikulo Davison anamuika kukhala wolemba nkhani wa gulu lonse. Kusukulu Vera anali mtsikana wachete wa pa benchi ya kumbuyo. Koma mu Mzinda Wathu, iye akati alembe, onse ankadikira.

2. Wa kabaza wopanda nkhope

Inali nyengo yogulitsa fodya. Malole odzaza mabelo ankadutsa pa Santhe tsiku lililonse kupita ku okushoni, akusiya fumbi ndi fungo la fodya m'mbuyo.

Sabata imeneyo kunagwa zovuta kwa a Nthanda, achimwene awo a amayi a Vera. Mbava zinathyola chigafa chawo n'kutenga mabelo osoka kale, amene ankangodikira lole. Linali thukuta la chaka chonse. A Nthanda anakanena kupolisi koma palibe amene anagwidwa. Sanali iwo okha, chifukwa alimi ena a mbali imeneyo anali ataberedwanso mwezi womwewo. Anthu anali okwiya, ndipo aliyense ankamuyang'ana mnzake ndi diso lokayikira.

Vera anafotokoza nkhaniyi m'gulu muja. Davison anapepesa mwachidule, kenako ananena kuti imeneyo ndiye nkhani yoti asewere sabata imeneyo, ikadali yotentha.

Vera anakhala pansi n'kuilemba. Anaikamo mbava ziwiri, mlonda wogona, ndi wa kabaza wina amene ananyamula mabelowo. Atatumiza, Davison anaikana.

"Wa kabaza wina ndiye ndani?" analemba motero. "Alibe dzina? Alibe nkhope? Sisi, izi n'zopeka zoonekeratu. Tikufuna munthu woti tizimuona akupalasa."

Ananenanso kuti ngati Vera watopa, ku Mzuzu kuli mtsikana wina amene wakhala akupempha udindo wolembawo.

Vera sanafune kuti udindowo umuchoke. Anayamba kuganizira anthu a kabaza amene ankawadziwa, ndipo amene anabwera m'maso mwake anali a Fredson Lefina. A Fredson anali bambo wa ana atatu, wotsimphina mwendo wakumanzere, ndipo njinga yawo inali ya mpando wofiira. Pa Santhe panalibe amene sankawadziwa. Chaka chapitacho Vera atabayidwa ndi msomali kuphazi, ndi iwo amene ankamunyamula kupita kusukulu mpaka bala linapola.

Sanawasankhe chifukwa chowada. Anawasankha chifukwa ankawadziwa bwino, ndipo kuwalemba kunali kosavuta.

Lachinayi masana ataweruka, anapita kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mango. Anaganiza zosewera yekha ngati mboni. Anayatsa chojambulira mawu n'kuyamba ndi mawu ake a masiku onse: "Uno ndi Mzinda Wathu, gawo la mboni." Kenako anasintha mawu, nakhala ngati mayi wachikulire wa kumudzi amene akunong'ona ndi mantha.

"Ine ndinaona ndi maso angawa. Ndi Fredson wa kabaza, wa njinga ya mpando wofiira uja. Anadutsa kuseri kwa nyumba yanga akukankha njinga, belo lili pa kaliyala, akutsimphina ndi mwendo wakewo. Fodya wa a Nthanda anapita ndi ameneyo. Koma chonde dzina langa musalitchule."

Atamaliza anaphulika kuseka, n'kutumiza. Atatembenuka anaona amayi ake ataima pakona ya nyumba, akadali mu yunifolomu yoyera.

3. Chenjezo la amayi

A Liness anafunsa chimene amachita. Vera anayankha kuti ndi masewera chabe, ndipo anayesa kufotokoza za gulu lija ndi lamulo la Davison. Amayi akewo anamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anakhala pa njerwa imene inali pamenepo n'kumuuza kuti naye akhale pansi.

"Vera, kupeka nkhani sindikukuletsa. Ukadati mbava yako ndi munthu wosakhalako, ndikadangoseka nawe. Koma iwe watenga dzina la munthu wamoyo, amene mawa m'mawa adzuka kukapalasa njinga kuti ana ake adye. Wampatsa mlandu umene ulipodi, umene amalume ako sakugona nawo tulo. Ukuti anzakowo akudziwa kuti ndi masewera. Nanga mawuwo akatuluka m'gulumo? Foni ilibe pakamwa poti inganene kuti uyu amangocheza. Imangopereka zimene waikamo.

"Ndisanabwere kuno ndinagwirapo ntchito pa chipatala china. Tsiku lina anabwera ndi mnyamata pa ngolo, atamufunditsa chitenje. Anthu anamumenya pa msika chifukwa wina anati waba mbuzi. Ndinamusambitsa ndine. Madzulo a tsiku lomwelo mbuzi ija inapezeka ili kudambo, chingwe chitakola pa chitsa. Amene anayamba kunena uja sanapezeke. Aliyense ankati anangomva kwa mnzake. Mayi wa mnyamatayo anabwera kudzatenga nsapato za mwana wake, chifukwa ndi zokhazo zimene zinatsala zabwino.

"Anthu akakwiya sasankha, mwanangu. Amangofuna dzina. Iwe lero wawakonzera dzina, ndi nkhope, ndi mtundu wa njinga. Fufuta zimenezo ndikuona."

Vera anati afufuta. Anatsegula foni. Koma m'gulu muja munali mutadzaza kale mayankho. Wa ku Joni anati wamva ngati ali kwawo. Wa ku Blantyre anati tsitsi lamuimirira. Davison analemba kuti chiyambire Mzinda Wathu palibe amene anasewerapo chonchi, ndipo udindo wolemba ndi wa Vera mpaka kalekale.

Chala chake chinaima pamwamba pa galasi long'aluka lija. Kenako anatseka foni osafufuta kanthu, n'kuiika m'thumba la siketi.

"Ndafufuta, Amayi," anatero.

A Liness anamuyang'ana kwa kanthawi, n'kudzuka kukasintha zovala.

4. Mawu pa msika

Loweruka linali tsiku la msika. A Liness anali pa ntchito, choncho anatuma Vera kuti akagule matimati ndi mafuta ophikira.

Msika unali utadzaza. Ogulitsa kaunjika anali atayala zovala pa mapepala, ngolo za ng'ombe zitaima m'mbali mwa msewu. Vera anawerama kuti asankhe matimati. Ali chowerama choncho anamva mawu amene anawazindikira nthawi yomweyo.

"Ine ndinaona ndi maso angawa. Ndi Fredson wa kabaza."

Mawuwo ankachokera pa foni ya mayi wogulitsa anyezi. Amayi anzake anali atamuzungulira, ena atagwira pakamwa. Mawuwo atatha anawayambitsanso. Vera anamvetsera bwino. Chiyambi chija, chonena kuti uno ndi Mzinda Wathu, panalibe. Kuseka kwake kwa kumapeto kunalibenso. Wina anali atadula mbali zonse ziwiri n'kusiya pakati pokha.

Analipira matimati n'kuyenda pang'ono. Pa shopu yometera tsitsi mawu omwewo ankamveka pa sipika. Pa benchi ya achipisi anyamata ankapatsirana. Munthu wina ankauza mnzake kuti mayi woyankhulayo ndi wa kuseri kwa tchalitchi ndipo amamudziwa. Wina anatsutsa kuti ndi wa mudzi wa kutsidya kwa dambo. Palibe amene ankakayika kuti mayiyo alipodi.

Vera anabisala kuseri kwa chigayo n'kuimbira Davison. Kanali koyamba kumva mawu a Davison pa foni. Anali mawu aang'ono, osafanana ndi mmene ankalembera. Vera anafotokoza mofulumira zimene zinkachitika. Davison anati iye sakudziwa amene watulutsa mawuwo, ndipo m'gulumo muli anthu ambiri oti sangawalondole onse.

"Mvera, sisi," anatero. "Palibe amene akudziwa kuti mawuwo ndi ako. Unasintha bwino kwambiri. Fufuta zonse, utuluke m'gulu, upite kunyumba. Ukayankhula, apolisi atilondola tonse. Ukapezeka wachotsedwa sukulu chifukwa cha wa kabaza. Zizizira zokha zimenezi."

Vera anafunsa ngati Davison angatumize uthenga wonena kuti anali masewera. Iye anati aganiza kaye. Foni inaduka. Atayesanso kuimba, sinalowe.

Nthawi yomweyo kunamveka phokoso kuchokera ku mtengo wa kesha, kumene a kabaza ankaimika njinga zawo. Anthu anayamba kuthamangira komweko. Amayi ena ankanyamula katundu wawo mofulumira n'kumalowera kwina.

Njira ya kwawo kwa Vera inali kumanja, kudutsa kuseri kwa chigayo. Inali yopanda munthu. Anaiyang'ana, jumbo ya matimati ili m'manja. Anayenda pang'ono kulowera komweko, n'kuima. Kenako anaika jumbo ija pansi n'kuthamangira ku mtengo wa kesha.

5. Pansi pa mtengo wa kesha

A Fredson anali pansi, atakhala m'fumbi. Malaya awo anali atang'ambika ndipo magazi ankatsika kuchokera pamwamba pa diso. Njinga ya mpando wofiira inali pambali, gudumu lakutsogolo litapindika. Ankayesa kuyankhula koma mawu awo sankamveka. Anzawo a kabaza anali ataima patali, akuopa kuyandikira.

Kutsogolo kwa gulu la anthulo kunali a Nthanda. Maso awo anali ofiira. Ankafunsa a Fredson mobwerezabwereza kuti mabelo awo anakawasiya kwa ndani. Mnyamata wina anatulukira akugubuduza tayala lakale la galimoto. Wina anati athamangire petulo kwa ogulitsa wa m'mabotolo.

Vera anadzipanikiza pakati pa anthu mpaka anafika kutsogolo. Anagwira dzanja la amalume ake.

"Amalume, mawu aja ndi anga. A Fredson sanabe kanthu."

A Nthanda anamukankhira pambali osamuyang'ana n'komwe. Anamuuza kuti apite kunyumba, pano si pa ana. Munthu wina anaseka n'kunena kuti mwanayu wapenga, woyankhula uja ndi mayi wamkulu.

Vera anabwereza, koma phokoso linamumiza. Tayala lija linali litafika pafupi ndi miyendo ya a Fredson.

Pafupi pamenepo panali benchi imene a kabaza ankakhalapo podikira anthu. Vera anakwerapo. Anatseka maso, anapinda msana pang'ono, n'kutulutsa mawu a mayi wachikulire uja, koma mokweza kuti onse amve.

"Ine ndinaona ndi maso angawa. Ndi Fredson wa kabaza, wa njinga ya mpando wofiira uja. Anadutsa kuseri kwa nyumba yanga akukankha njinga."

Amene anali pafupi anatembenuka. Kenako a kumbuyo nawo anatembenuka. Phokoso linayamba kutsika. Mawu amene anthu anakhala akuwamva pa mafoni m'mawa wonse ankatuluka m'kamwa mwa mtsikana wa sukulu, mwana wa mlongo wawo wa a Nthanda. Vera anapitiriza mpaka kumapeto, osalumpha liwu. Atamaliza anatulutsa foni, anakweza mawu a foniyo mpaka pomaliza, n'kuyatsa zimene anajambula Lachinayi zija, zosadula. Anthu anamva chiyambi chonena za Mzinda Wathu. Anamvanso kuseka kwa kumapeto.

Kusekako kunamveka koipa kwambiri pamalo amenewo.

"Mayi ameneyu kulibe," anatero Vera ndi mawu ake enieni. "Ndinamupeka ndine. Ndi masewera a pafoni amene timachita ndi anzanga. Sindinaone chilichonse. Dzina la a Fredson ndinangolitenga chifukwa ndimawadziwa."

Mnyamata wa tayala uja analisiya, ndipo linagwa cham'mbali. Kenako mkwiyo unatembenuka. Mayi wina anati mwana wotereyu ndi amene akufunika chikwapu. Bambo wina anati mwina wapatsidwa kanthu kuti ateteze mbava. Chitsononkho cha chimanga chinauluka n'kumugunda Vera paphewa. Anthu anayamba kusendera ku benchi kuja.

A Nthanda anamutsitsa pa benchipo ndi dzanja limodzi n'kumuika kumbuyo kwawo. Anaima pakati pa anthuwo ndi awiriwo, mtsikana ndi bambo amene anali pansi.

"Fodya amene anabedwayo ndi wanga," anatero. "Mwanayu ndi wa mlongo wanga. Mlandu uwu ndi wa pakhomo pathu. Amene akufuna kugenda ayambe wagenda ine."

Palibe amene anagenda. Posakhalitsa apolisi awiri anafika kuchokera ku ofesi yawo ya pamalopo, ndipo anthu anayamba kubalalika. Ambiri ankachoka akuyang'ana pansi. Ena ankauza anzawo kuti iwo angofika kumene.

A Nthanda anavula jekete lawo n'kuwafunditsa a Fredson. Anawanyamula mothandizana ndi wa kabaza mnzawo kupita nawo kuchipatala. Wapolisi mmodzi anatenga foni ya Vera n'kumuuza kuti Lolemba akaonekere ku ofesi pamodzi ndi kholo lake.

6. Pa khonde la chipatala

Amene analandira a Fredson anali a Liness. Anaona bala, anaona achimwene awo, kenako anaona mwana wawo ataima pakhomo. Anavala magolovesi n'kutseka chitseko.

Vera anakhala pa benchi ya pakhonde. Patapita nthawi a Nthanda anatuluka n'kukhala pambali pake. Manja awo anali ndi magazi a a Fredson. Anayankhula akuyang'ana manjawo.

"Lero ndikanapha munthu, Vera. Ine mkulu wa mpingo, amene mawa ndimayenera kuima kutsogolo m'tchalitchi. Zimenezo ndi zanga, ndikayankha ndekha, ndipo kupolisi ndikanena zimene manja angawa achita. Sindikukusenzetsa. Koma za iwe ndikuuze.

"Ukuti mumafuna kuti masewera anu akhale enieni, akhale a kwathu kuno. Chabwino. Unadziwa kulemera kwa belo. Unadziwa mayankhulidwe a amayi a kumudzi, mpaka ine wobadwira konkuno ndinakhulupirira. Koma chenicheni cha kwathu kuno unachisiya. Kuno munthu alibe mpanda wa njerwa, alibe loya. Chimene ali nacho ndi dzina lake basi. Fredson anthu amamukwera chifukwa amamukhulupirira. Amayi amamupatsa ana awo kuti akawatule kusukulu. Amayi ako anamupatsa iwe. Anzako a ku Lilongwe akatopa azimitsa foni n'kukagona. Fredson alibe pozimitsa. Lolemba akuyenera kubwerera pansi pa mtengo womwe uja, pakati pa anthu omwe aja, ndipo ena mpaka kukalamba azidzati pamene paja panali kanthu.

"Wachita bwino kukwera pa benchi paja. Akuluakulu ambiri sakanatha. Koma usaganize kuti pamenepo wamaliza. Bala lija lipola. Njinga tikonza. Dzina lija ndiye uyenda nalo wekha khomo ndi khomo, kutchalitchi, kusukulu, pa msika, mpaka ulibweze pamene unalitenga."

Vera ankalira mwakachetechete. Anati wamva.

A Liness anatuluka dzuwa litapendeka. Anauza achimwene awo kuti asoka balalo, ndipo nthiti imodzi ikuoneka ngati yathyoka, choncho mawa awatumiza ku chipatala chachikulu ku Kasungu kuti akawajambule. Kenako anatembenukira kwa Vera.

"Unandiuza kuti wafufuta," anatero.

Sanakweze mawu, ndipo sanawonjezere china. Vera akanakonda akanamukalipira.

Chitseko chinatsegukanso. Panatuluka mayi wochepa thupi, mwana ali kumsana. Anali a Anesi, akazi awo a a Fredson, amene anathamanga kuchokera kumunda atamva nkhaniyo. Mapazi awo anali akadali ndi dothi. Anamuyang'ana Vera kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiwe Vera? Akuti ulowe. Wekha."

Vera anayang'ana amayi ake. Iwo anagwedeza mutu kuti apite.

M'chipindamo munkanunkha mankhwala. A Fredson anali atagona chagada, bandeji itazungulira mutu, diso limodzi litatupa mpaka kutsekeka. Vera anagwada pafupi ndi bedi. Anayamba kupepesa.

A Fredson anakweza dzanja pang'ono kuti asiye.

"Zopepesazo udzanena tsiku lina, pamaso pa ana anga," anatero mwapang'onopang'ono. "Panopa ndikufuna undiyankhe chimodzi. Apolisi akuti mawu ako aja anachita kudulidwa. Sunadule ndiwe?"

Vera anati ayi. Anafotokoza kuti iye anatumiza athunthu, ndipo anawatumiza m'gulu mokha muja.

"Ndiye kuti m'gulu lanulo muli munthu wa pompano pa Santhe."

Vera anati sizingatheke. Onse anali a kutali, ndipo wa ku Kasungu anali iye yekha. Umu ndi mmene ankadziwira.

A Fredson anapuma movutikira, dzanja lili pa nthiti. Anati sabata imene fodya wa a Nthanda anabedwa, iwo ananyamula munthu wina kukamutula pafupi ndi chigafa chija. Munthuyo anawauza kuti akukaona ndiwo zake kudimba. Iwo sanaganize kanthu mpaka atamva za kubako. Lachitatu anakumana naye n'kumufunsa, ndipo anamuuza kuti ngati sakaulula yekha, iwo akanena kwa a Nthanda msika wa Loweruka ukatha.

"Lero ndi Loweruka," anatero a Fredson. "Wadulayo ndi munthu yemweyo, ndipo sankasewera ngati iwe. Ankafuna kuti dzuwa likamalowa ine ndikhale ndilibe pakamwa."

Vera anafunsa kuti munthuyo ndi ndani.

A Fredson anatembenuza diso lawo labwinolo kuyang'ana kuchitseko. Kunja kunkamveka mawu a a Nthanda akuyankhula ndi mlongo wawo.

"Amalume akowo avutika mokwanira lero," anatero. "Kankha chitsekocho chitsekeke bwino, ubwere pafupi ndikunong'oneze dzina lake."